Achifwamba a ku Pittsburgh Amene Asanduka Olerera Anzawo

Mu mzinda wa Pittsburgh, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, pamene mitsinje ya Allegheny ndi Monongahela imakumana ndi kubala mtsinje wa Ohio, muli timu ya masewera a baseball yotchedwa Pirates, ndiye kuti achifwamba a panyanja. Dzinali silidabwere mwaulemu ayi. Kumayambiriro a chaka cha 1891 akuluakulu a timuyi adalemba ntchito Lou Bierbauer, wosewera amene a timu ya Philadelphia Athletics ankamuyesa wawo, chonsecho adali asadamlembe pa mndandanda wa anthu awo. A ku Philadelphia adapsa mtima nanena kuti mchitidwe wotero ndi uchifwamba. A ku Pittsburgh sadachite nazo manyazi. Adalitola dzinalo nalivala ngati malaya.

Masiku ano dzinali limamveka ngati chipongwe. Timu imene idatchuka ndi kulanda wosewera mmodzi yakhala zaka zoposa 30 ikufuna anyamata aluso, kuwalera ndi kuwasula, kenaka nkuwaona akusamukira ku matimu a anthu achuma atangofika pokhwima. Tsono popeza timuyi yatolanso mnyamata wina woponya mpira, Paul Skenes, amene anthu odziwa masewerawa akuti otere amabadwa mmodzi pa mbadwo, funso la tsogolo lake ladzukanso. Yankho lake silili pa mkono wa mnyamatayu. Lili m'thumba ndi m'mutu mwa eni timu, ndipo mbiri ya timuyi ndiyo mboni.

Owerenga ambiri sadawaonepo masewerawa, choncho nkoyenera kuwafotokoza pang'ono. Timu iliyonse imaika anthu 9 m'bwalo. Woponya amaima pa kachulu pakati pa bwalolo naponya mpira waung'ono wolimba kwa womenya, amene amadikira ndi chibonga. Akaumenya amathamangira ku ngodya yoyamba mwa ngodya zinayi, ndipo akazizungulira zonse ndi kubwerera pamene adayambira, timu yake yapeza chigoli chimodzi. Mpira ukamenyedwa mwamphamvu mpaka kudumpha mpanda, womenyayo amazungulira popanda womletsa pamodzi ndi anzake amene adali pa ngodya. Imeneyo ndiyo amati home run. Omenya atatu akatulutsidwa matimu amasinthana malo, ndipo amatero mpaka zigawo 9 zitakwana. Matimu aakulu alipo 30 m'maligi awiri, National ndi American. Iliyonse imasewera maulendo 162 pa nyengo imodzi, ndipo pomaliza akatswiri a maligi awiriwa amakumana pa mpikisano wa World Series, umene amautenga ndi oyamba kugonjetsa anzawo kanayi.

Ulemerero woyamba wa Pittsburgh udabwera ndi mwini timu amene sankaopa kutulutsa ndalama. A Barney Dreyfuss, amene adachokera ku Germany ali mnyamata, adali ndi timu ku Louisville. Timuyo itathetsedwa kumapeto a 1899, iwo adasamutsira osewera ake abwino ku Pittsburgh, ndipo mmodzi mwa iwo adali Honus Wagner, mwana wa m'dera lomwelo amene adalowa mu mgodi wa malasha ali ndi zaka 12. Timuyi idatenga ligi mu 1901, 1902 ndi 1903, ndipo m'chaka chachitatucho idasewera World Series yoyamba m'mbiri, imene idagonja kwa Boston. Mu 1909 a Dreyfuss adamanga ndi ndalama zawo bwalo la Forbes Field, la simenti ndi chitsulo, pa nthawi imene mabwalo ambiri adali a matabwa. Anthu adawaseka kuti amanga kutali ndi pakati pa mzinda ndipo sipadzafika munthu. Chaka chomwecho timu idapambana masewera 110 nigonjetsa Detroit pa World Series, ndipo bwalolo lidagwira ntchito mpaka 1970. Chikho chachiwiri chidabwera mu 1925, ndipo mu 1927 a New York Yankees adawagonjetsa kanayi motsatizana. Kuchokera pamenepo kudali zii kwa zaka 33.

Tsiku limene mzindawu sudzaliiwala ndi la 13 Okutobala 1960. Adani adali Yankees omwe aja, timu ya ndalama ndi ya mayina aakulu. M'masewera atatu amene Yankees adapambana, adachita ngati mkulu womenya mwana: 16 kwa 3, 10 kwa 0, ndi 12 kwa 0. Pittsburgh nayo idapambana atatu, koma movutikira, mosiyana zigoli zochepa. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, ku Forbes Field, zigoli zidali 9 kwa 9 polowa m'theka lomaliza la chigawo cha 9. Woyamba kumenya adali Bill Mazeroski, mwana wa munthu wa mu mgodi, wa zaka 24, amene ankadziwika ndi luso la kuwakha mpira kuposa kumenya. Mpira wachiwiri umene Ralph Terry adamponyera, iye adaumenya nudumpha khoma la kumanzere, ndipo masewera adathera pomwepo. Pa masewera onse 7 Yankees adapeza zigoli 55, Pittsburgh 27 zokha, komabe chikho chidatsala ku Pittsburgh. Bwalolo lidagwetsedwa kalekale, koma chidutswa cha khoma lake chidasiyidwa, ndipo pa 13 Okutobala anthu akhala akusonkhana pamenepo kudzamvetsera mawu a wailesi a tsiku lija kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ngati kuti sakudziwa mmene zidathera. Munthu angaseke zimenezi, koma anthu a m'mafakitale a chitsulo amene adaona timu yawo ikugwetsa eni ndalama a ku New York ali ndi chifukwa chosaiwalira.

M'timu ya 1960 ija mudali mnyamata wina wa ku Puerto Rico, Roberto Clemente, amene Pittsburgh idamtenga ku gulu la Brooklyn Dodgers kumapeto a 1954 pa mtengo wa madola 4,000 okha. Umenewo ndiwo udali uchifwamba weniweni. Moyo wake ku Pittsburgh sudali wophweka. Adali wakuda, wolankhula Chisipanishi, ndipo olemba nyuzipepala ankalemba mawu ake motsanzira katchulidwe kake ka Chingerezi kuti owerenga aseke. Ena ankamutcha Bob, iye nkumakana kuti dzina limene makolo ake adampatsa ndi Roberto. Akadandaula kuti msana ukumpweteka, ankamunena kuti ngwaulesi. Chodabwitsa nchakuti mzinda womwewo udali kwawo kwa matimu awiri otchuka a anthu akuda, Homestead Grays ndi Pittsburgh Crawfords, m'zaka zimene anthu akuda ankaletsedwa m'maligi aakulu. Ndipo a Grays ankabwereka bwalo la Forbes Field lomwelo eni ake akachokapo. Luso lidali pakhomo penipeni, koma wosewera wakuda adayamba kusewerera Pirates patapita zaka zingapo Jackie Robinson atatsegula njira ku Brooklyn.

Komatu timu imene idachedwa chotero ndiyo idadzachita chinthu chimene inzake inali isadachitepo. Pa 1 Sepitembala 1971, posewera ndi Philadelphia, mphunzitsi wa timuyi a Danny Murtaugh adalemba mayina 9 a oyamba masewera, ndipo onse adali akuda a ku America kapena ochokera ku maiko olankhula Chisipanishi: Stennett ndi Sanguillén a ku Panama, Hernández wa ku Cuba, Clemente, Stargell, Oliver, Cash, Clines, ndi Dock Ellis woponya. Sipadaimbidwe lipenga, ndipo anthu amene adadzaonerera sadafike 12,000. Adapambana 10 kwa 7. Mwezi wotsatira adakumana ndi Baltimore pa World Series, ndipo Clemente, ali ndi zaka 37, adamenya bwino m'masewera onse 7 nasankhidwa kukhala wopambana onse. Atamuika pa wailesi ya kanema dziko lonse likuona, adayamba walankhula Chisipanishi kupempha madalitso kwa makolo ake, Chingerezi chidabwera pambuyo.

Pa 30 Sepitembala 1972 Clemente adakwanitsa kumenya bwino ka 3,000, chiwerengero chimene ndi ochepa amachifika. Pa 23 Disembala chivomezi chidagwetsa mzinda wa Managua ku Nicaragua. Iye adasonkhanitsa chakudya ndi mankhwala ku Puerto Rico, ndipo atamva kuti katundu woyamba uja akuthera m'manja mwa asilikali a boma la Somoza osafika kwa ovutika, adati apite yekha, poyesa kuti iye akakhalapo sadzayerekeza kuba. Usiku wa 31 Disembala ndege yakale yodzaza mopitirira muyeso idanyamuka ku San Juan nigwera m'nyanja isadapite patali. Mtembo wake sudapezeke. Mnzake Manny Sanguillén sadakhale nawo pa mwambo wa chikumbutso chifukwa adali m'madzi kumfunafuna. Lero mlatho wopita ku bwalo la timuyi umatchedwa ndi dzina lake, ndipo khoma la kumanja kwa bwalolo, mbali imene iye ankasewera, lidamangidwa lotalika mafiti 21 pokumbukira nambala ya malaya ake.

Chikho chachisanu, chimene pofika kumapeto a 2025 chidali chikadali chomaliza, chidabwera mu 1979. Mtsogoleri adali Willie Stargell, wa zaka 39, amene anzake ankamutcha bambo wawo. Iye ankagawa tinyenyezi ta nsalu toti asokere pa zipewa kwa aliyense amene wachita bwino, ngakhale pa kanthu kakang'ono. Baltimore idatsogola 3 kwa 1, Pittsburgh nkupambana atatu otsalawo.

Munthu akayang'ana mayina awa aona chinthu chimodzi. Wagner adasewera ku Pittsburgh zaka 18, Clemente 18, Mazeroski 17, Stargell 21. Mwana amene adapita ku bwalo ndi bambo ake kukaona Clemente adakula, nakwatira, Clemente akali pomwepo. Koma nkofunika kusamala pano, pakuti si chikondi chokha chidawasunga. Kufikira 1975 padali lamulo lomangirira wosewera ku timu yake moyo wake wonse. Mwini timu ankatha kumgulitsa, kumtaya kapena kumchepetsera malipiro, koma iye sankatha kuchoka. Lamulo limenelo lidali loipa, ndipo lidagwa moyenera mu Disembala 1975. Amene amalira masiku akale aja akulira nthawi imene wantchito adalibe mawu. Chimene chidasintha nchakuti kuyambira 1976 timu yofuna kusunga munthu wake iyenera kumlipira mtengo wake. Poyamba Pittsburgh idatero: mu 1979 idapatsa Dave Parker mgwirizano wa madola pafupifupi 1 miliyoni pa chaka, malipiro amene padalibe wosewera wina adali atawafika, ndipo chaka chomwecho idatenga chikho.

Kenaka mafakitale a chitsulo adayamba kutsekedwa. Mzinda umene udali ndi anthu pafupifupi 677,000 mu 1950 udatsala ndi 303,000 pa kalembera wa 2020. Mu 1985 timu idagonja masewera 104, osewera ena adaitanidwa ku khoti kukachitira umboni pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo padali mantha akuti timuyi isamukira kwina mpaka makampani a mumzinda ndi boma la mzindawo adasonkherana kuigula. Idadzukanso ndi Barry Bonds ndi anzake nitsogola m'gulu lake mu 1990, 1991 ndi 1992, koma katatu konse idalephera pa khomo la World Series. Ulendo wachitatuwo ndiwo udawawa. Pa 14 Okutobala 1992, ku Atlanta, Pittsburgh inkatsogola 2 kwa 0 polowa m'chigawo chomaliza cha masewera omaliza, nigonja 3 kwa 2. Amene adalowetsa chigoli chothetsa nkhani adali Sid Bream, munthu wa maondo ovulala, amene Pittsburgh idamlola kuchoka zaka ziwiri m'mbuyomo. Patangopita miyezi iwiri Bonds adapita ku San Francisco pa madola oposa 43 miliyoni, ndipo woponya wawo wamkulu Doug Drabek adapita ku Houston. Kuyambira 1993 mpaka 2012, zaka 20 zotsatizana, timuyi inkagonja kambiri kuposa kupambana, mbiri yoipa imene palibe timu ina ya masewera aakulu a ku North America idali itaifika.

Pakati pa zaka za njalazo, mu 2001, padatsegulidwa bwalo latsopano la PNC Park m'mbali mwa Allegheny, limene ambiri amati ndi limodzi mwa okongola koposa m'dzikolo. Gawo lalikulu la mtengo wake lidachokera ku ndalama za anthu wamba kudzera m'boma, ndipo anthu adauzidwa kuti bwaloli lidzabweretsa chuma chosungira osewera. Mfundo imeneyi isaiwalike pamene eni timu akunena kuti timu ndi katundu wawo ndipo ayendetse mmene afunira. A Dreyfuss adamanga ndi ndalama zawo. A masiku ano adamangiridwa.

Mu 2007 a Bob Nutting, a m'banja la eni nyuzipepala ku West Virginia, adakhala mwini wamkulu wa timuyi. Chilungamo chifuna kuti zabwino zawo zinenedwe. Pansi pa iwo timu idathira ndalama pofuna ndi kuphunzitsa anyamata, ndipo zipatso zidaoneka. Mu 2013, motsogozedwa ndi Andrew McCutchen, amene adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi, idapambana masewera 94, ndipo usiku wa 1 Okutobala bwalo lidadzaza ndi anthu ovala zakuda amene adakuwa mpaka woponya wa Cincinnati adagwetsa mpira m'manja. Mu 2015 idapambana 98, koma idatulutsidwa ndi Chicago Cubs pa masewera a tsiku limodzi. M'zaka zomwezo maso a timuyi ankafika kutali. Gift Ngoepe, wa ku South Africa, adakulira m'kachipinda ka pa bwalo la baseball ku Randburg, kumene mayi ake ankagwira ntchito. Pirates adamlemba mu 2008, ndipo atapirira zaka zoposa 8 m'matimu aang'ono, pa 26 Epulo 2017 adakhala woyamba wobadwira ndi kukulira pa nthaka ya Africa kusewera mu ligi yaikulu, namenya bwino pa ulendo wake woyamba. Pa luso lofunafuna, timuyi siidakhalepo yosauka.

Vuto ndi limene limachitika mbewu ikacha. Itapambana masewera 98, nthawi yoti iwonjezere amuna awiri kapena atatu ndi kukankha khomo, timuyi idangokhala manja ali m'thumba nibwerera pansi. Mu Januwale 2018, m'masiku atatu okha, idatumiza Gerrit Cole ku Houston ndi McCutchen ku San Francisco. Cole adali woponya amene idamsankha woyamba m'dziko lonse mu 2011. Ku Houston adamphunzitsa kuponya mwanjira ina, ndipo pasanathe zaka ziwiri Yankees adampatsa madola 324 miliyoni. M'chaka chomwecho cha 2018 timuyi idaperekanso Tyler Glasnow ndi anyamata ena awiri posinthana ndi woponya mmodzi amene sadaithandize kwenikweni, Glasnow nkukaphuka ku Tampa Bay. Bungwe la osewera lidadandaula mu 2018 kuti Pittsburgh ndi matimu ena atatu sakugwiritsa ntchito moyenera ndalama zimene matimu olemera amagawira osauka; timuyi idakana. Mu 2021 idagonja 101, mu 2022 idagonja 100.

Kugonja kotereku kuli ndi mphotho yake, pakuti matimu otsalira ndiwo amapatsidwa mwayi wosankha poyamba anyamata ochokera m'masukulu. Umo ndi mmene Paul Skenes adafikira ku Pittsburgh mu 2023. Ndi mnyamata wa ku California, wamtali pafupifupi mamita awiri, amene adayamba pa sukulu ya asilikali a m'mlengalenga asadapite ku yunivesite ya ku Louisiana. Mpira wake umathamanga makilomita 160 pa ola, koma liwiro lokha ali nalo ambiri. Chimene chimamsiyanitsa nchakuti ali ndi maponyedwe angapo amene amachoka m'dzanja mofanana nkukapatuka pafupi ndi womenya, wina kugwa pansi, wina kukhotera kumbali. Adayamba pa 11 Meyi 2024 ndipo adasankhidwa kukhala wopambana mwa osewera atsopano. Mu 2025 adapata mphotho ya Cy Young, ya woponya wopambana mu ligi, ndipo onse ovota adamuika iye pamwamba. Pa zaka ziwirizo adani ankapeza kwa iye zigoli zosafika ziwiri pa zigawo 9 zilizonse.

Tsono nayi nkhani yonse m'chiwerengero chimodzi. M'chaka cha mphothocho, Skenes adalembedwa kuti wapambana masewera 10 ndi kugonja 10. Woponya wopambana onse mu ligi adamaliza ngati munthu wamba, chifukwa anzake omenya sankampatsa zigoli. Kangapo adalola chigoli chimodzi kapena ziwiri nagonja ndithu. Pittsburgh idapeza zigoli zochepa kuposa matimu onse 30, idachotsa mphunzitsi wake mu Meyi, ndipo idamaliza kumunsi kwa gulu lake itapambana 71 ndi kugonja 91. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa baseball mawuwa ngoona kwambiri, pakuti woponya wotere amasewera tsiku limodzi pa masiku asanu. Masiku anayi otsalawo amakhala pa benchi kuonerera.

Malamulo a masewerawa amaipatsa timu wosewera kwa zaka 6. Zitatu zoyamba imamlipira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa; malipiro okhazikika a Skenes mu 2025 sadafike madola 1 miliyoni, pamene anzake a msinkhu wa luso lake ankalandira oposa 30 miliyoni. Zitatu zotsatira malipiro amakwera, ndipo zikatha munthu ngwaufulu. Kwa Skenes ufuluwo udzafika nyengo ya 2029 ikadzatha. Ndiye kuti timuyi idalandira mphatso yosowa: katswiri wa dziko lonse pa mtengo wa wophunzira ntchito. Wanzeru akadatenga ndalama zimene wapulumutsazo nkugula omenya nthawi yomweyo. Mu 2024 ndi 2025 sizidachitike, ndipo zaka ziwiri zotsika mtengozo zidapita osabwerera.

Oikira kumbuyo eni timu ali ndi mawu awo, ndipo si achabe. Baseball ilibe malire okhwima a malipiro monga ali ku mpira wa miyendo wa Chiamerika, umene timu ya Steelers ya mumzinda womwewo yatengako zikho 6. Mu 2025 Los Angeles Dodgers adalipira osewera awo madola oposa 300 miliyoni, Pittsburgh yosafika 100 miliyoni, ndipo ndalama za wailesi ya kanema zimene mzinda waukulu umapeza, waung'ono sungazilote. Kupatsa munthu mmodzi madola mazanamazana a mamiliyoni, mkono wake nkudzaduka mtsempha chaka chotsatira monga imachitira mikono yambiri ya oponya mwaliwiro, kungagwetse timu yaing'ono kwa zaka 10. Zonsezi nzoona. Koma Milwaukee ili m'gulu limodzi ndi Pittsburgh, dera lake lili ndi anthu ochepa kuposa la Pittsburgh, ndipo mu 2025 idapambana masewera 97, kuposa timu iliyonse. Nayonso imagulitsa akatswiri ake asadachoke okha. Kusiyana kwake nkwakuti imagulitsa bwino, imawasula amene yalandira, ndipo imawonjezera pamene pakufunika. Kansas City, mzinda winanso waung'ono, idatenga chikho mu 2015. Umphawi ukufotokoza chifukwa chimene Pittsburgh singakhale Dodgers. Sukufotokoza chifukwa chimene yalepherera kukhala Milwaukee, kapena chifukwa chimene anyamata ake amakaphukira kwa ena.

Anthu a mumzinda adaziona zimenezi, ndipo m'bwalo mwakhala mukumveka mfuu yoti eni ake aigulitse timuyo. Mu Epulo 2025 kudabuka nkhani yaing'ono imene idaulula zambiri. Chizindikiro cha nambala 21 chokumbukira Clemente chimene chidali pa khoma la kumanja chidachotsedwa, m'malo mwake nkuikapo malonda a chakumwa choledzeretsa, banja lake osauzidwa. Mwana wake atadandaula poyera, timu idapepesa nibwezera chizindikirocho. Ndalama za malondawo sizikadagula ngakhale womenya mmodzi wabwino. Koma wina mu ofesi adayang'ana khoma limenelo naona malo ogulitsa, ndipo padalibe mnzake womkumbutsa.

Nanga chiyembekezo chilipo? Chilipo ndithu, ndipo nchachikulu kuposa mmene chidalili pa nthawi iliyonse chichokere 2015. Pa oponya timuyi idamaliza 2025 ili yolemera: pambali pa Skenes padali Mitch Keller, ndi achinyamata monga Bubba Chandler amene adayamba mu Ogasiti chaka chimenecho. M'matimu ake aang'ono mudali Konnor Griffin wa ku Mississippi, wosankhidwa mu 2024, amene pofika kumapeto a 2025, ali ndi zaka 19, ambiri ankamuika pamwamba pa anyamata onse oyembekezeka m'masewerawa. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anyamata oyembekezeka ambiri amathera m'njira, ndipo Pittsburgh ili ndi manda ake a mayina otere. Chosangalatsa kwambiri nchakuti kumapeto a 2025 eni timu adasuntha pang'ono: adatenga Brandon Lowe ku Tampa Bay, ndipo adagwirizana ndi Ryan O'Hearn kwa zaka ziwiri. Uwu udali mgwirizano woyamba wa zaka zoposa chimodzi ndi wosewera waufulu chichokere 2016, ndipo kutalika kwa nthawi imeneyo kukunena zambiri kuposa mgwirizanowo.

Woweruza tsogolo la timuyi asatengeke ndi liwiro la mpira wa Skenes, pakuti limenelo ladziwika kale. Ayang'ane ngati malipiro a timu akukwera chaka ndi chaka kapena angokwera kamodzi kuti atseke pakamwa anthu. Ayang'ane ngati omenya amene timuyi yalera yokha akuyamba kumenya ali ku Pittsburgh. Ndipo ayang'ane zimene idzachite mwezi wa Julayi, pamene matimu amagulitsana osewera, ikadzapezeka ili pafupi ndi pamwamba. Kusunga Skenes mpaka ukalamba mwina nkosatheka, ndipo palibe angamdzudzule akadzapita kumene akamlipire mtengo wake. Chotheka ndi kumzinga ndi amuna oyenera iye akali pomwepo. Nthawi yake njochepa kuposa mmene ikuonekera, chifukwa pangano la pakati pa eni matimu ndi bungwe la osewera lidalembedwa kuti lithe pa 1 Disembala 2026, ndipo nkhani ya malire a malipiro, imene eni ena amaifuna koma osewera amaikana kwamtuwagalu, ndi yomwe idaimitsa masewera mu 1994 mpaka World Series ya chaka chimenecho osachitika. Mkangano wotero ukadya nyengo imodzi kapena theka lake, Dodgers adzangodikira, koma Pittsburgh idzakhala itataya gawo la zaka zowerengeka zimene ili nazo ndi Skenes.